M'nkhanimu Mulibe Mvula

Ahedi a pasukulupo anachokera ku maphunziro a aphunzitsi ndi lamulo limodzi, ndipo analikakamira ngati nkhupakupa: mwana asamauzidwe tanthauzo la zomwe wawerenga, azilitulukira yekha. Anadzitama nalo mpaka ku ofesi ya maphunziro, moti tsiku limeneli kumabwera alangizi kudzaona ndi maso. Zikakoma, ahedi akwezedwa. Zikavuta, akhala choseketsa cha ahedi anzawo mpaka kupuma ntchito. Tsoka lake, kalasi yoonetserayo inali ya mphunzitsi watsopano, munthu woti ukamuuza kuti adikire pakhomo umakam'peza atagwira chitseko.

M'mawa umenewo mphunzitsiyo anagogoda pa ofesi, buku lili kukhwapa.

"Lowani, aphunzitsi! Nanga ana athu? Atulukira?"

"Akutulukirabe, bwana."

"Akutulukirabe? Munayamba liti?"

"Sabata yatha."

"Buku lonse?"

"Ayi, kankhani kamodzi. Funso loyamba."

Ahedi anavula magalasi n'kuwaika patebulo pang'onopang'ono. "Tandiwerengerani."

Mphunzitsi anakonza kukhosi n'kuima chilili ngati wa kwaya. "Mtsikana analowa m'nyumba akunjenjemera. Diresi yake inali yonyowa, nsapato zili matope okhaokha, ambulera itathyoka. Funso: kodi kunja kunali kotani?"

"Basi?"

"Basi, bwana."

"Ndiye ana akuti chiyani?"

"Wina akuti anagwera m'chitsime. Wina akuti anasamba osavula. Wina akuti kunali ndewu, ambulerayo inathyokera pamsana pa mnzake. Kamtsikana kena kanatuluka kukasuzumira kunja, n'kubwera kudzati kuli dzuwa."

"Inu munati chiyani?"

"Ndinati, 'Pitirizani, ana inu.' Kenako ndinawachongera onse."

"Onse?"

"Aliyense anatulukira yekha, bwana. Ndikanamulakwitsa ndani?"

"Koma yankhotu ndi limodzi!"

"Ndi liti, bwana?" Asanayankhidwe anatseka makutu ndi manja, buku n'kugwa. "Ayi, pepani, musandiuze!"

Apa ahedi anamuyang'ana mnyamatayo kuchokera kumutu mpaka kunsapato, ndipo mantha anayamba kuwalowa.

"Aphunzitsi, inuyo yankholi simukulidziwa?"

"Ndatsala pang'ono, bwana. Ndikukayikira chitsime."

"Mvula!" anakuwa ahedi, akumenya tebulo. "Kunagwa mvula!"

Mphunzitsi anatola buku, n'kuyendetsa chala mzere ndi mzere, n'kusuzumiranso kuseri kwa tsambalo. "M'nkhanimu mulibe mvula, bwana."

"Siinalembedwe, koma ilimo!"

"Ili pati?"

"Mayo ine! Khalani pansi. Munthu amanyamula ambulera liti?"

"Kukamagwa mvula. Kapena kukatentha dzuwa."

"Lisiyeni dzuwalo! Dzuwa limanyowetsa diresi?"

"Thukuta, bwana."

"Thukuta limapaka matope kunsapato?"

Mphunzitsi analingalira moona mtima. "Likachuluka kwambiri…"

"Gwirani pensulo iyi!" Ahedi anakokera mpando pafupi, n'kupinda manja a malaya. "Wolemba sanena zonse. Amasiya mapazi, inu n'kumalondola. Jambulani mzere pansi pa 'yonyowa'. Eya. Wina pansi pa 'matope'. Wina pa 'ambulera itathyoka'. Tsopano dzifunseni: n'chinthu chimodzi chiti chomwe chingachite zonsezi pakamodzi?"

Mphunzitsi anayang'ana mizereyo, pakamwa pali yasa. Kenako nkhope yonse inawala.

"Aaa! Mvula ya mphepo! Ndi mphepoyo inathyola ambulera!"

"Mwaona?"

Kunena zoona, ahedi anamva kukoma mumtima. Panali patapita zaka asanagwire choko, ndipo anali ataiwala momwe zimasangalatsira kuona munthu akumvetsa pamaso pako.

"Bwana, mwaphunzitsa bwino zedi! Ndikawachitire ana chomwechi?"

"Ayi!"

"Komatu ine chandithandiza."

"Inu sindinakuuzeni. Mwatulukira nokha."

"Munakuwa kuti mvula, bwana. Ndi alonda omwe amva kugeti."

"Kumeneko kunali kukutsogolerani chabe."

"Ndiye ndikawatsogolere mokuwa?"

"Musakuwe!"

"Monong'ona?"

"Musanene kanthu!"

"Nanga pensulo?"

"Pensulo…" Ahedi anaiyang'ana. Pensuloyo inali itagwira ntchito pamaso pawo, koma liuma linawaletsa kuvomera. "Pensulo akaitulukire okha."

"Mapensulo ali nawo kale, bwana. Amatafuna."

Ahedi anaimirira n'kuyamba kuyendayenda pakati pa tebulo ndi kabati. "Tamvani. Nthawi ilipobe. Alangizi akafika, muwalandire bwino, muwaonetse munda wa maluwa, muwachedwetse…"

"Afika kale, bwana."

Ahedi anaima mwendo umodzi uli m'mwamba. "Mwati?"

"Anabwera belu lisanalire. Ali m'kalasi mwanga, akhala kumbuyo pa desiki ya ana, maondo akugunda chibwano."

"Bwanji osandiuza?"

"Ndimadzera zomwezo, bwana. Koma munayamba kufunsa, ine n'kumayankha."

"Aona chiyani?"

"Zonse. Mwana wina analira, akuti mawu onse akuwawerenga koma sakudziwa chomwe tikufuna. Alangizi anandifunsa ngati ndinawaonetsapo kafufuzidwe kake. Ndinati ahedi analetsa."

"Munatchula ine?"

"Anafunsa, bwana."

"Simukanati ndi maganizo a tonse?"

"Sanali a tonse. Ena tinangouzidwa."

Thukuta linatsika kamukamu m'khosi mwa ahedi. Anaona m'maganizo ahedi anzawo akugwirana mapewa ndi kuseka pa msonkhano, ndipo mpando wa kukwezedwa uja ukuthawa ndi miyendo yake inayi.

"Ndiye akuti chiyani tsopano?"

"Andituma. Akuti mwini njirayo abwere aiphunzitse yekha, iwo aonere. Akuti alibe changu, adikira."

"Ine? Ndiphunzitse? Lero?"

"Sanati mawa, bwana."

Ahedi anavala jekete, n'kuivula, n'kuivalanso. Anatola magalasi. Kenako, mwakabisira ngati wakuba, anatola pensulo ija n'kuiponya m'thumba.

"Bwana, pensuloyo si munati…"

"Ndikukalembera zina! Tiyeni. Koma tamverani bwino, aphunzitsi. Panjira mundiuze zonse: wolirayo wakhala pati, wa chitsime ndi uti, choko mumasunga kuti, alangiziwo nkhope yawo ikuoneka bwanji. Osandizungulira, osandifunsa mafunso. Chimodzichimodzi, momveka!"

"Ndikuuzeni ndithu? Osati mutulukire…"

"Uzani, bambo inu! Safunsa anadya phula!"

Anatuluka mwaliwiro, chifuwa patsogolo, nsapato zikulira pakhonde. Mphunzitsi anawatsatira pang'ono, kenako anaima n'kukonza kukhosi mwaulemu.

"Choyamba, bwana, tembenukani. Kalasi yanga ili uku. Uko mukupitako ndi kuchimbudzi."