A Nason Shawa, Oitana Mzere wa Kumbuyo

Malemu a Nason Shawa anabadwa pa 14 Malichi 1958 m'boma la Katete, kwa bambo Abraham Shawa ndi mayi Ennie Daka. Tinabadwa ana asanu ndi mmodzi, iwo anali achinayi. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Isaiah Shawa, mkulu wawo. Abusa, akuluakulu a mpingo, anansi a muno m'Kalingalinga, ndi inu osewera mpira akale amene mwakhala m'tenti umo, mundipirire. Mbiriyi ili ndi malo amodzi pamene nditalikitsepo, pokhudza dzina limene malemu ankaitanidwa nalo m'komboni muno. Banja lagwirizana kuti malo amenewo ndisawadumphe.

Mu 1965 bambo athu anapeza ntchito yonyamula katundu muno mu Lusaka, ndipo tonse tinasamukira kuno. Malemu anayamba sukulu mu 1966 nalekezera Fomu 2 mu 1974. Pa maliro sitinama: mabuku ndi iwo sankamwerana madzi. Chawo chinali mpira, koma ngakhale mpirawo ankausewera mosiyana ndi anzawo. Ena onse ankathamangira kutsogolo kuti amwetse chigoli atamandidwe, iwo ankatsalira kumbuyo, manja m'chiuno, akukalipira anzawo kuti abwerere pamalo pawo. Mayi athu ankati mwana ameneyu adzakhala kapitawo wa okumba misewu.

Mu 1978 analembedwa ntchito pa kampani yosungunula zitsulo ya Ngwerere Foundry. Masiku amenewo matimu akuluakulu anali a makampani, ndipo wosewera ankalembedwa ngati wantchito, n'kupatsidwa nyumba. Pa pepala malemu anali wowotcherera zitsulo, koma ntchito yawo yeniyeni inali nambala faifi, pakati pa otchinga kumbuyo. Anasewera mu ligi yaikulu zaka khumi. M'zaka zonsezo anamwetsa zigoli ziwiri, ndipo anzawo akuti chimodzi mpira unangowagunda pabondo iwo akuyang'ana kwina.

Pa 6 Juni 1981 anakwatira mayi Felistus Zimba a ku komboni ya Garden, ndipo kampani inawapatsa nyumba ya zipinda zinayi ku Matero, yokhala ndi mpopi m'kati. Ana awo atatu oyamba anabadwira m'nyumba imeneyo.

Ine mpira sindiudziwa. Zimene ndinene tsopano anandifotokozera anzawo dzulo ndi zotsekera mabotolo pa tebulo, mpaka kawiri ndisanamvetse. Kumbuyo kumaima anthu anayi pa mzere umodzi. Adani akafuna kuponyera mpira wosewera wawo wakutsogolo, anayiwo amasunthira kutsogolo nthawi imodzi, mapazi awiri kapena atatu, ndipo mdani uja amatsala yekha kuseri kwa mzere. Wambendera amakweza mbendera, woyimbira amaliza wisulo kuti ofusaidi, mpira n'kubwerera. Koma mmodzi yekha mwa anayiwo akatsalira, ngakhale ali kutali m'mbali mwa bwalo, lamulo limamasula mdani uja, ndipo amapita kukaonana ndi goloboyi awiriwiri. Mzere wotere umafuna munthu mmodzi woitana, ndipo pa Ngwerere Foundry woitanayo anali malemu. Ankakweza dzanja nakuwa kuti, "Tiyeni!" ndipo atatu enawo ankasuntha osayang'ana m'mbuyo.

Ochemerera ambiri ankawatcha aulesi, chifukwa mpira unkatha kabudula wawo ali woyera. Anzawo akuti kuyera kwa kabudulako ndiko kunali luso: munthu amene waima pamalo oyenera safunika kudzigwetsa pansi. Mu 1984 timuyo inasewera maulendo makumi atatu n'kulowetsedwa zigoli khumi ndi zisanu ndi zinayi zokha, ndipo chaka chimenecho malemu anasankhidwa kukhala kaputeni.

Kuyambira 1986 zinthu zinayamba kuthina, monga tonse tikukumbukira. Ufa tinkaimira pamzere, sopo ndi mafuta ophikira ankachita kubisa. Kampani inasiya kugula nsapato za osewera. Basi ya timu inakhala pa njerwa yopanda matayala, ndipo kokasewera ankapita pa lole yonyamula zitsulo. Osewera abwino anayamba kuwolokera ku Botswana mmodzimmodzi. Kumayambiriro kwa Novembala 1988 anachoka a Benard Ngoma, amene anatchinga kumanzere kwa malemu zaka zisanu ndi ziwiri. Posowa wina, mphunzitsi wa timu anatenga a Wilbroad Mukupa, osewera pakati, nawaika pamalopo. Akuti wosewera pakati amaphunzitsidwa kutsata munthu wake kulikonse kumene apita, pamene wotchinga kumbuyo amaphunzitsidwa kumusiya munthuyo mzere ukaitana. A Mukupa anali ndi milungu itatu yokha yoti asiye zimene miyendo yawo inazolowera zaka zambiri.

Loweruka pa 26 Novembala 1988 kunali masewero otsiriza a chaka, ndi timu ya ku Migodi. Ngwerere Foundry inkangofunika kufanana mphamvu kuti ikhalebe mu ligi yaikulu. Kutatsala mphindi zinayi, popanda womwetsa, adani anaponya mpira wautali kutsogolo. Malemu anakweza dzanja, naitana, nasunthira kutsogolo. Womwetsa zigoli wa adani anadutsa pafupi ndi phewa lawo, mbendera sinakwezedwe, ndipo mpira unalowa. Anthu amene tinali m'bwalomo, ine mmodzi wa iwo, tinaona chinthu chimodzi: kaputeni akupatukira mdani, dzanja lili m'mwamba.

Dzuwa lisanalowe, Matero yense anali atamva kuti a Shawa agulitsa mpira ndi matumba awiri a ufa. Panalibe amene anaona matumbawo, koma aliyense ankadziwa wina amene anawaona. Pakhoma la nyumba yawo analembapo ndi makala kuti Geti, ndiye kuti khomo lolowera adani, ndipo dzinalo linakhazikika. Ena mwa achinyamata amene muli pano mwabwera pa maliro a ba Geti, mukuganiza kuti ndi dzina lawo lobatizidwa nalo.

Mu Januwale 1989 akuluakulu a timu anawaitana nawafunsa amene anaphwanya mzere. Kampani inali itanena kale kuti wolakwayo achotsedwa ntchito. Malemu anayankha kuti, "Laini ni yanga. Ndine nimaitana, ndine muzifunsa." Anawachotsa ntchito nawapatsa masiku makumi atatu kuti atuluke m'nyumba. Mu Febuluwale anabwerera kuno ku Kalingalinga, m'zipinda ziwiri za lendi, mayi Felistus ali oyembekezera mwana wachinayi.

Kuyambira pamenepo malemu ankawotcherera mbaula ndi mafelemu a mawindo m'mbali mwa msewu. M'bwalo la mpira sanapondemonso. Mwana wawo woyamba, Emelda, anasintha sukulu kawiri chifukwa cha ndewu, pokana kutchedwa mwana wa ogulitsa mpira. Mayi Felistus pamsika ankafunsidwa ngati ufa uja unatha. Ndipo ine ndemwe, mkulu wawo, ndinapita kunyumba kwawo n'kuwafunsa maso ndi maso ngati analandiradi matumbawo. Anandiyang'ana nati, "Ba Isaiah, sakilani mu nyumba. Mukaupeza mutengeko." Ndinatuluka, ndipo ndinakhala zaka ziwiri osapondanso pakhomo pawo. Ndikunena izi pamaso panu ndili ndi manyazi.

Mu Epulo chaka chino malemu anayamba kutsokomola, ndipo kuchipatala anawapeza ndi chifuwa chachikulu. Mankhwala ankapezeka mwezi uno, mwezi wina n'kusowa. Pa 29 Julayi anagonekedwa m'chipatala chachikulu, ndipo Lolemba pa 12 Ogasiti 1996, nthawi ya teni koloko m'mawa, anatisiya. Anali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu.

Dzana m'mawa, pa nyumba ya maliro pano, panafika a Wilbroad Mukupa napempha kulankhula ndi akuluakulu a banja, mayi amasiye ali pomwepo. Anatiuza kuti tsiku la masewero otsiriza lija malemu ataitana, anthu awiri anasuntha nawo, koma iwo a Mukupa, kutsidya lina la bwalo kumene kunalibe maso a munthu, anabwerera m'mbuyo kutsata munthu wawo monga anazolowera. Ndiwo amene anamasula mdani uja, ndipo wambendera sanalakwitse. Kupatula malemu, munthu wina amene anaona zonse anali goloboyi, a Moven Sakala, koma malemu anawaletsa kunena, ndipo a Sakalawo anamwalira mu 1991 ali chete.

A Mukupa akuti usanachitike msonkhano wa mu Januwale uja anapita kwa malemu kuti akufuna kukaulula. Nthawi imeneyo a Mukupawo anali ndi mkazi, mwana wakhanda, ndi ana atatu amasiye a mlongo wawo, onse m'nyumba ya kampani. Malemu anawauza kuti, "Iwe, ukakamba bazatichosa tonse babili. Nkala zii." A Mukupa sanakaulule, nakhalabe pa ntchito. Kampani itatsekedwa mu 1994, amene anali akadali m'nyumba zake analoledwa kuzitenga kukhala zawo, ndipo a Mukupa ali m'nyumba yawoyawo ku Matero mpaka lero. Avomera okha kuti kuyambira chaka chimenecho panalibenso chowatseka pakamwa koma mantha. Pa 4 Ogasiti anapita kukawaona malemu kuchipatala nayambitsanso nkhaniyo. Malemu anati, "Vinasila ivo. Nenze ninadziba kuti ndiwe munyowani paja. Nenze nifunika kuyangana kumanzele nikalibe kuitana." Ndiye kuti zimenezo zinatha, ndipo iwo ankadziwa kuti a Mukupa anali atsopano pamalopo.

Ine sindine woweruza mpira. Anzawo ena akuti malemu ananena zoona, woitana mzere ayenera kudziwa amene waima naye. Ena akuti munthu sangayang'ane mpira ndi kumanzere nthawi imodzi. Zimenezo mukatsutsane nokha inu odziwa. Chimene banja likudziwa tsopano n'chakuti a Nason Shawa sanagulitse mpira, ndipo ufa wa munthu sanaudye. A Mukupa ndiwo apempha kuti mawu amenewa awerengedwe poyera, dzina lawo litchulidwe, iwo ali pompano.

Malemu asiya akazi awo mayi Felistus Shawa, ana anayi, Emelda, Abraham, Salome ndi Lillian, mayi athu okalamba amene afika dzulo kuchokera ku Katete, ndi ife abale awo atatu. Tikuthokoza abusa ndi amayi a mpingo amene akhala nafe kuyambira Lolemba, anansi amene atunga madzi ndi kubweretsa makala, akalipentala a m'msewu muno amene akhoma bokosi, owotcherera anzawo amene atseka ntchito zawo lero, ndi a Marjory Mvula amene apereka lole yotitengera ku manda a Chingwere. Tikuthokozanso osewera akale amene mwadzipereka kunyamula bokosi.

Banja lili ndi pempho limodzi. Ndaona mitu ikutembenukira kumene akhala a Mukupa, ndipo komboni yathu ndimaidziwa. Dzina limene munapatsa m'bale wathu musalisamutsire pakhoma la munthu wina. Malemu analisenza zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu kuti lisafike kumeneko, ndipo ifenso sitilituma.

A Mukupa anapemphanso kuti akhale mmodzi wa onyamula bokosi. Nkhaniyo tinaisiya m'manja mwa mayi amasiye, chifukwa ndiwo amene anatuluka m'nyumba ija ali ndi pakati. Atipatsa yankho m'mawa uno, ndipo ndiliwerenga monga analinenera: "Banyamule, ni banzao. Koma pali ine basabwele kunigwila kwanja, sininafike apo." A Mukupa amva, ndipo avomera. Onyamula asanu ndi mmodzi muyandikire tsopano.

A Nason Shawa, mng'ono wanga, ndinakufunsani funso limene sindinayenera kufunsa, ndipo yankho lake ndalimva inu mutagona. Mzimu wanu uuse mumtendere.