Mbuzi yopepesera sinadyedwe

Pa siteji ya Tukuyu, mayi woyendera ndodo anali atagwira chingwe cha mbuzi yonenepa. Bambo wina wodikira basi ankaiyang'ana mosirira.

"Mayi, mukugulitsa bwanji?"

"Siyamalonda, bambo. Ndikukaibweza kwa mwini wake."

"Mbuzi yotereyi? Mwalodzedwa kapena?"

"Lole yake ya nthochi inandithyola mwendo uwu pamsika. M'malo mondilipirira chipatala, anatuma akuluakulu ndi mbuzi yopepesera."

"Si ulemu umenewo? Mukadyera limodzi, mlandu watha."

"Eya, mlandu watha. Nanga mwendo? Dokotala akuti akapanda kuikamo chitsulo ndidzatsimphina mpaka kumanda. Amalume anali atanola kale mpeni, ine n'kuikokera kuchipinda kwanga, chitseko tseke."

"Munagona ndi mbuzi?"

"Inanditafunira chitenje chatsopano, koma palibe anaikhudza. Kenako ndinapita kwa a Tumpale, othandiza anthu pa zamalamulo aja, kuseri kwa tchalitchi. Funso lawo loyamba linali lakuti, 'Mwadya chake chilichonse?' Ndinati ngakhale ubweya! Anandipezera loya waulere. Lero tikakumana ndi mwini lole uja kukhoti ku Mbeya, ndikamupatsira mbuzi yake konko."

"Amalumewo akuti bwanji?"

"Sakundilankhula. Akuti ndawachititsa manyazi."

"Koma ndinu ouma mutu, mayi inu! Nanga mukaluza? Mbuzi yapita, mwendo wapita."

"Bola andikanize woweruza, kusiyana n'kugulitsa mwendo wanga ndi msuzi. Basi ija yafika. Iwe kondakitala, mbuzi iyi sipita padenga ayi. Ikhala pampando, ndiilipirira ndine!"