Mbande za Mayi Mabotolo

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1963, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa siteshoni ya sitima, kumene bambo awo ankagwira ntchito yokonza njanji. Anali achitatu m'banja la ana asanu. Amayi awo ankanena kuti mwana ameneyu anayamba kuthamanga asanaphunzire kuyenda, ndipo inu amene munawadziwa simungatsutse.

Anayamba sukulu mu 1970. Mu 1982 anapita ku koleji ya zaulimi, ndipo mu 1985 analembedwa ntchito yoyeza dothi m'labotale ya malo ofufuzira za mbewu.

Mu 1988 anaitanitsa mmisiri wowotcherera zitsulo kuti adzakonze mashelefu a m'labotalemo. Anamuitananso kangapo, akuti mashelefu akupendekeka. Mashelefuwo anali owongoka bwinobwino. Awiriwa anamanga banja pa 16 Seputembala 1989. Kuyambira pamenepo malemu ankawatchula amuna awowo kuti "a Chete", ndipo zolankhula za m'nyumbamo ankalankhula okha, za anthu awiri.

Mu 1997 matenda ofotetsa matimati, amene amayamba ndi fangasi wa m'nthaka, anasesa minda yambiri. M'munda wina, mzere umodzi wokha unakhalabe wobiriwira. Malemu mtima sunakhale m'malo. Anakatapa dothi la pamizu ya mzerewo, n'kupezamo mabakiteriya abwino, tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakuta mizu mpaka fangasi kusowa polowera. Anayamba kutiweta m'mabotolo a madzi otuwa. Asanawokere mbande, ankayamba aviika mizu yake m'madzimo, ndipo zofota zinkachepa kwambiri.

Mu 2018 anapuma pa ntchito, koma dzina lokha. Mabotolo anasamukira m'firiji ya kunyumba, moti zakudya zinkachita kupempha malo. M'munda tizilomboti sitichedwa kutha, choncho alimi ankabwera chaka ndi chaka, mbande zili m'mabeseni, ndipo ndi iwo anawapatsa dzina loti Mayi Mabotolo. Mlendo akangotsegula firiji, malemu ankakuwa ali panja: "Musandikhudzire ana angawo! Ana amene ndinabereka anandithawira kuntchito, awa okha ndi amene amandimvera." A Chete anawawotcherera nazale kuseri kwa nyumba, n'kumangoyang'ana.

Mu Novembala chaka chatha anayamba kubanika. Kuchipatala anapeza kuti ndi mtima. Kumapeto kwa Januwale anafesa njere m'machubu, n'kuzithirira madzi a m'mabotolo aja, akupumira m'mwamba. Pa 3 Febuluwale anagonekedwa. Ali pabedi, zala zawo zinkangoyendayenda pabulangete ngati akuwokera. "A Chete, mbande zija zatulutsa masamba angati? Musandinamize, bodza silikukhalani." Amuna awo ankayankha ndi zala. Malemu anatisiya pa 24 Febuluwale m'mawa.

Tsiku lomwelo achemwali awo anafika kudzakonza m'nyumba, ndipo anafuna malo m'firiji osungiramo zakudya za alendo. Madzulo anawapeza a Chete pakhonde.

"Alamu, mabotolo a mkaka wowonongeka aja tawakhuthula. Tawatsuka ndi sopo, ali mbee."

"Zikomo, alamu."

Palibe amene akuimbidwa mlandu pamaliro pano. Manja amene anatsuka mabotolowo ndi omwenso ankawasambitsa malemu m'chipatala.

Koma ntchito ya moyo wawo wonse inapita m'sinki. Tizilombo tija tatsala malo amodzi basi, pamizu ya mbande za m'nazale. Mnzawo wakale wa ku labotale wanena kuti angathe kutichotsanso pamizu n'kutiweta m'mabotolo, bola mbandezo zikhale zamoyo mpaka zitachita maluwa. Mbandezo zakula, machubu akuzithina, ndipo zina zayamba kuchita chikasu. Sizingadikire kuti maliro athe. Kuziwokera m'munda umodzi n'koopsa, chifukwa mbuzi imodzi kapena chimvula chimodzi chingamalize zonse.

Ambiri mwa inu mwaona amuna a malemu akudzuka pampando nyimbo ili mkati, kuzungulira kuseri kwa nyumba, kubwerera mawondo ali dothi, kukhala pang'ono, kudzukanso. Ena mwanong'onezana kuti chisoni chawasokoneza mutu. Ena mwawagwira pamkono kuti akhale pansi. Si mwano ayi. Dzuwa likasuntha, mthunzi wa panazale umafunika kusunthanso.

Pempho la banja ndi ili. Potuluka, pageti mupeza mbande m'machubu. Aliyense atenge imodzi, ngakhale amene alibe munda; chidebe chakale n'chokwanira. Mukawokere lero lomwe. Dothi la pamizu musalikutumule, mizu musaitsuke, ndipo musapopere mankhwala a kopa, chifukwa amapha tizilomboti. Zikadzachita maluwa, a Chete adzakupezani okha. Musadzavutike kuwachezetsa.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, zidzukulu zisanu, achemwali awiri ndi mlongo wawo mmodzi. Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino, anansi amene ankatengera chakudya kuchipatala, alimi amene abwera ndi mabeseni opanda kanthu kudzathandiza kunyamula mbande, ndiponso achemwali amene akonza nyumbayi.

Amuna awo anafunsidwa ngati ali ndi mawu otsanzikira. Anati, "Muwauze ndathirira."

Mayi Mabotolo, moyo wanu wonse simunakhale pansi. Khalani pansi tsopano. Mzimu wanu uuse mumtendere.