Dandaulo la Chidebe Linapita ku London

Zaka zija titangofika kumene kuno ku Glasgow, mabasi a ku Springburn tisanawazolowere, ine ndinkadziyesa loya, chifukwa ku Zomba ndinagwirapo ntchito yonyamula mafayilo kukhoti. Iwe Tadala, tsitsa foniyo, nkhaniyi ikukhudza banja lanu.

Mlamu wanga a Nyirenda, achimwene a agogo anu aakaziwa, anamangidwa atamenyana ndi munthu pamowa, ndipo mlanduwo sankaukana, koma chimene ankadandaula chinali chidebe. Lero mumamva kuti m'ndende muli zimbudzi zogejemula, koma nthawi imeneyo anthu awiri ankatsekeredwa ndi chidebe chimodzi, m'mawa n'kumafola kukataya, makoma ali chinyezi chokhachokha, a Nyirendawo ali a mphumu. Tinkaopa kuti chisanu chikawapeza mmenemo sitidzawaonanso.

Nditamva kuti kuno mkaidi atha kusumira boma, ndinati zisiyireni ine. Agogo anu anandichonderera kuti tifunse kaye odziwa, koma ine makani gwa. Ndinalemba masamba asanu ndi awiri, Chingerezi chothyakuka, n'kutumiza kukhoti lalikulu ku London, poti kwathu dziko lonseli timangoti ku Mangalande, ndipo mlandu waukulu umapita kulikulu. Kutchalitchi ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Patatha miyezi itatu envulopu inabwerera, akuti Scotland ili ndi malamulo ake, nkhani ya ndende ya kuno iyambire m'makhoti a konkuno. Kalanga ine, Edinburgh, kumene kuli khoti lalikulu la kuno, ili pomwepa, ola limodzi pa sitima! Safunsa anadya phula, ana inu, ine ndinadya ndi njuchi zomwe.

Loya wina wamkazi wa ku Govanhill anawerenga kalata yanga, anayamikira Chingerezicho, n'kuyambiranso zonse. Koma pamene khoti linkalamula kuti awasamutsire kuchipinda chouma, a Nyirenda anali atagonekedwa kale m'chipatala ndi chibayo.

Ndinapita kukawazonda manyazi atandigwira. Iwo anachotsa chopumira chimene anawaika pakamwa n'kufunsa chonong'ona kuti, "Alamu, a Mfumukazi ayankha?" Tinaseka mpaka namwino anatidzudzula, koma ine ndinakalirira m'basi.

Mpaka lero amanditcha Jaji wa ku London, ndipo ndimayankha bwinobwino. Inu mwaphunzira kutiposa, Chingerezi chanu ifenso sitichimva, koma mukafuna kuthandiza munthu yambani mwafunsa khomo loyenera kugogoda. Lamulungu mukamawamva a Nyirenda akutsokomola kutchalitchi pa benchi ya kumbuyo ija, anthu amati ndi ukalamba. Ine ndimadziwa kuti ndi miyezi itatu yanga ija.