Simu Yosatokosa ndi Phini

Pa siteji ya Chinyunyu, mayi Ketrina anali atangotsitsa mabokosi a tomato, ndipo ankapukuta njinga yawo yamoto ndi nsonga ya chitenje. Bambo wina wogulitsa masimu a foni pansi pa ambulera analephera kupirira.

"Amayi, njingayo mukuisisita ngati khanda lobadwa lero."

"Inabedwa Lachiwiri, atate, ndaipeza dzulo. Ndiyo imadyetsa ana anga imeneyi."

"Mwaipeza bwanji? Zobedwa kuno sizibwerera."

"Pansi pa mpando pali kachipangizo kosonyeza komwe njinga ili. Akawalala anazolowera kuti tizipangizo totere timayendera netiweki imodzi, ndiye anathamangira ku Shikabeta, komwe netiwekiyo sifika."

"Basi kanazima."

"Kuzima kuti! Ndinaimbira mtsikana amene anandigulitsa kachipangizoko ku Lusaka. Akawalalawo asanatsetserekere m'chigwa, iye anali atakasamutsira kale ku netiweki ina, ali khale pampando wake."

"Osachotsa simu? Osatokosa ndi phini?"

"Mulibe kakhadi, atate. Simu yake ndi yomatiriramo, netiweki amangosintha ali kutali. Njingayo apolisi anaipeza kuseri kwa nkhokwe ataifunditsa mapesi, wakubayo akuwotcha chimanga mtima uli m'malo."

"Ha! Nanga mapampu, mafoni ndi zonse zikadzatero, ife ogulitsa masimu tidzadya chiyani?"

Mayi Ketrina anakwera njinga, nailiza kawiri mwadala kuti siteji yonse imve.

"Ambulerayo musataye, atate. Mvula ili pafupi."