Bambo Chimtengo ndi Thanki ya Ndowe

Malemu athuwa, Bambo Felton Chimtengo, anabadwa pa 9 Meyi 1968 ku Tsangano, m'boma la Ntcheu. Anaphunzira zaulimi ku Bunda, ndipo mu 1996 anamanga banja ndi Mayi Tionenji. Mayiwa atapeza ntchito ya unamwino kuno ku London mu 2004, bambo anawatsatira, nakhazikika ku Ilford.

Mu 2012 analembedwa ntchito pa famu ina kunja kwa mzinda. Alimi kumeneko anamanga thanki yaikulu yowoletsera ndowe za ng'ombe, kuti zitulutse gasi wopangira magetsi. Thanki yotere imadyetsedwa ndi kuyang'aniridwa tsiku lililonse, ndipo malemu, pokhala mwana wokulira m'khola, ankaitenga ngati chiweto. Mayi ankadandaula kuti ali pamitala ndi thanki. Ife tinkawaseka kuti fungo la kuntchito ndi limene linkawapezera mpando m'sitima.

Mu 2023 zinthu zinasokonekera. Thandizo la boma limene alimiwo ankadalira linachepa, zipangizo zinakwera mtengo, kampani ya alimiwo inagwa. Antchito onse anauzidwa kuti asabwerenso. Koma thanki inatsala yodzaza, ndipo ndowe sizimva kuti kampani yatha, zimangowira. Malemu anayenda m'maofesi kupempha kuti boma litumize akatswiri odzaitseka, gasi asanavulaze anthu oyandikana nayo. Aliyense ankangowalozera khomo lina. Iwo anakulira kumene munthu sathawa khola poti mwini wake wasauka, choncho anapitiriza kupita kuthankiko okhaokha, mayi akuletsa.

Mu Novembala chaka chomwecho, akukonza paipi yodontha, anapuma mpweya woipa nakomoka. Mlimi wina ndiye anawapeza. Mapapo awo sanachirenso. Akhala akulowa ndi kutuluka m'chipatala mpaka pa 3 Febuluwale 2025, pamene anatisiya.

Anamfedwa, mitima ikutiwawa, ndipo sitibisa: imfa iyi ikanapeweka. Odzatseka thanki anabwera ndithu, koma malemu anali atagonekedwa kale.

Asiya mayi, ana awiri, Yamiko ndi Mwiza, ndi mdzukulu mmodzi. Banja likuthokoza mpingo wathu wa ku Tottenham, anamwino amene ankasinthana powadwazika, ndi nonse amene mwabwera kudzatigwira dzanja. Muziwakumbukira m'mapemphero Mayi Tionenji, amene asamalira odwala ambiri m'dziko muno n'kuwaona akutuluka akuyenda, koma mpweya wa amuna awo sanathe kuubweza.

Mzimu wa Bambo Chimtengo ukause mumtendere wa Ambuye.