Nsungwi Zitaphulika M'munda Mwathu

Aulutsi, ndiwerengereni bwino, zilembo zanga n'zopindika!

Titabwerera kuno ku Malowera nkhondo itatha, ndinkavina njira yonse, ndinkavina ine! Koma tsiku lotentha tchire m'munda, nsungwi zinaphulika ngati mfuti. Mdzukulu wanga, namwali wamasiye, anagwa pansi n'kugwira makutu. Kuchokera apo kulankhula ayi, kudya ayi, kupita kushikola kukaphunzira ayi.

Abale anamusambitsa mankhwala, namulamula kuti za nkhondo asazitchulenso. Mwana anamvera, koma ankangouma, ankangouma.

Anamwino a kuchipatala cha ku Fíngoè ndiwo anati, "Agogo, mwanayu sanalodzedwe. Mubwere naye, tizicheza naye pamodzi ndi anzake."

Tinapita kangapo iye ali duu. Tsiku lina pobwerera anaima panjira.

"Agogo, amayi akuwomberedwa ine ndinabisala. Sindinawathandize."

Ndinati, "Mayi wanga iwe, unali kamwana. Kubisalako ndi kumene kunandisungira iwe."

Tinalira, mayo tinalira!

Sanachire onse ayi. Mota, njinga yamoto, ikaphulitsa amanjenjemerabe. Koma tsopano amati, "Agogo, zayambanso, ndigwireni dzanja."

Makolo anzanga, mwana akafuna kunena, musamutseke pakamwa. Wanga akulankhula, ndipo nthungululu sindikuzimana!